Khoma Lotuwa la Pabalaza

Mwana wanga anakwanitsa miyezi inayi alibe dzina. Tinkangomuitana kuti Bebi, ndipo amayi akutchalitchi akandifunsa dzina lake ndinkayamba kukonza thewera limene linali bwinobwino. Kwathu ku Dedza akanatuluka m'chikuta ali ndi mayina atatu, pakuti amayi anga anali nalo lawo, azakhali lawo, ngakhale anamwino amene anandithandiza pochira anapereka lawo. Koma ine ndinakwatiwa ku Mzimba, kubanja la a Zgambo, ndipo m'banja limenelo mwana woyamba amatchulidwa dzina ndi agogo ake obereka bambo. Agogowo, a Kalebe Zgambo a kumudzi kufupi ndi Jenda, anali chete.

Mwamuna wanga Bennet ndi mphunzitsi. Tinadziwana iye akuphunzitsa ku Dedza, ine ndikusoka makatani ndi nsalu za pamipando pakhonde la golosale ina. Paukwati wathu apongozi sanabwere, anatuma mng'ono wawo, ati maso akuwavuta. Bennet atamusamutsira ku Mzimba Boma ine ndinali wotopa, ndiye ndinatsala kwa amayi mpaka ndinachira, n'kumutsatira mwana ali ndi mwezi umodzi. Choncho apongozi angawo ndinali ndisanawaonepo, ngakhale kumva mawu awo pafoni.

Chifukwa chimene anakhalira chete ndinachimva kwa mlamu wanga Kezia, mchemwali wake wa Bennet, amene amagulitsa tomato ndi anyezi pa Jenda. Kezia ndi munthu wabwino mtima, koma mawu m'kamwa mwake sagonamo.

"Alamu, ine ndikuuzeni chilungamo," anatero tsiku lina akumuseweretsa mwanayo. "Adada akuti mwana wa Mchewa ndi wa amalume ake. Akuti umupatse dzina lero, mawa mbwenu wakwera basi ya ku Dedza, iwe watsala ndi dzina m'manja."

Mawu amenewo anandipweteka kwambiri. Ndinamuuza Bennet kuti tingomutcha tokha mwanayu, iye anangopukusa mutu n'kunena kuti tidikire pang'ono, adada si munthu woipa. Amayi anga nawo ankandiimbira Lamlungu lililonse ndi funso limodzimodzi: "Linily, kodi kumeneko mayina amachita kudzala n'kudikira mvula?" Ndinkaseka nawo, koma ndikadula foni ndinkamuyang'ana mwana wanga misozi ili pafupi. Dzinalo ndinkalifuna, ndipo ndinkalifuna lichokere kwa iwo omwewo amene ankandiona ngati munthu wodutsa.

Mwezi wa Juni, mphepo ya ku Mzimba itayamba kulowa mpaka m'mabulangete, Bennet anabwera ndi uthenga. Madokotala a maso ankabwera pachipatala cha pa Boma kudzachotsa anthu ng'ala, ndipo apongozi, amene anali atakhala zaka zinayi akungoona zinthu ngati mu nkhungu, analembetsa. Akagona kwathu tsiku limodzi asanalowe, ndipo akatuluka akhalanso masiku angapo. Tinali ndi masabata awiri okonzekera.

Ine ndinaona mwayi. Chitumbuka sindinkachidziwa kupatula monire ndi yewo, kuphika kwanga ndi kwa munthu wamba, koma kukonza m'nyumba ndiye ntchito imene ndinabadwira. Ndinati mumtima, mkuluyu akalowa pabalaza panga adzionera yekha kuti mkazi wokonza chonchi sali paulendo, pakuti palibe amene amapaka penti nyumba yoti aithawa. Zoti munthuyo saona bwino ndinkazidziwa, musandione ngati wopusa. Kungoti ukafunitsitsa chinthu, nzeru zimayamba zapita kokayenda.

Pabalaza pamene ndinapapeza panali pa mwamuna amene anazolowera kukhala yekha. Pakhoma panali makalendala anayi, awiri a zaka zoti zinatha kalekale. Masofa anali atatsamira khoma pamzere ngati odwala odikira dokotala, pakona panali maluwa apulasitiki odzaza fumbi, ndipo njinga inkagona kuseri kwa chitseko. Khoma lenilenilo linali lobiriwira ngati la mu ofesi ya ahedi, lili ndi madontho a mafuta pamene Bennet ankatsamira mutu pomvera mpira. Nyumbayo ndi ya lendi, eni ake ali ku Joni, ndipo titawaimbira anati pakani mtundu umene mukufuna bola musagwetse khoma.

Ndinayamba ndi kuchotsa, chifukwa pabalaza pambiri pamaipa ndi kuchuluka kwa zinthu, osati kuchepa. Makalendala anapita, maluwa anapita, njinga inapeza malo kukhonde. Kenaka ndinagula penti ya mtundu wa phulusa, umene ndinkauona pazithunzi za pafoni m'nyumba za anthu odziwa zinthu. Ndinapaka ndekha masiku awiri, mwana ali kumsana.

Bennet atabwera kuchokera kusukulu anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Iyi ndi yoyambira eti? Penti yeniyeni ikubwera mawa?"

"Yeniyeni ndi imeneyi."

"Mayi a Bebi, zikuoneka ngati wina wamwaza phulusa la pambaula."

"Inu phunzitsani ana masamu, za khoma tisiyireni eni ake."

Ndinamufotokozera, ngakhale sankamva, kuti khoma liyenera kukhala chete kuti zinthu zina zilankhule. Ndinasoka makushoni asanu ndi limodzi ndi zitenje zachikasu ndi zabuluu, ndipo nditangowaponya pamasofa chipinda chonse chinadzuka. Makatani ndinaika awiriawiri, opyapyala oyera mkati ndi okhuthala pamwamba, kuti dzuwa la masana lizilowa mwaulemu. Masofa ndinawachotsa kukhoma n'kuwayang'anitsana, kuti anthu pocheza azionana nkhope, ndipo pakati ndinayala mkeka watsopano. Tebulo lagalasi, limene Bennet ankalinyadira, ndinalibisa kuchipinda poopa kuti munthu wa maso ovuta angaphwanye nalo msongolo. Ndinasiya njira yoyera kuchokera pakhomo mpaka kolowera kuzipinda. Pawindo ndinaika kamtengo kamoyo mumphika wadothi, pakhoma chithunzi chimodzi chokha, chathu chaukwati.

Chomaliza chinali mpando. Masofa athu ndi aja amameza munthu, wachikulire akakhalapo podzuka amachita kumukoka. Ndinapita kwa kalipentala wa kuseri kwa msika n'kusankha mpando wa paini wokhala ndi moika manja, wolimba, msana wake wowongoka. Ndinausokera kakushoni kopyapyala n'kuuika pakona yosafika dzuwa. Nditatha ndinaima pakhomo pomwe anaima Bennet paja, ndipo ndinene zoona, ndinadzitama mumtima.

Apongozi anafika Lolemba masana, Bennet akadali kusukulu. Anatsika pakabaza, Kezia ali pakabaza ina pambuyo ndi chikwama. Anali munthu wamtali, wowonda, wovala jekete ndi chipewa, ndodo kudzanja lamanja. Kudzanja lamanzere zala ziwiri zinali zazifupi, macheka a ku Chikangawa anazidula, kumene anagwira ntchito yocheka matabwa zaka makumi atatu. Maso anali atawatsinzina ngati munthu woyang'ana utsi.

Kezia anali atandiphunzitsa kale pafoni. Mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, sapereka dzanja kwa apongozi aamuna, sawayang'ana kumaso, ndipo salankhula nawo mwachindunji. "Ngati muli ndi mawu, alamu, muziuza ine, ine ndiziwapatsira," anatero. Choncho ndinagwada chapatali pakhonde n'kunena monire wanga amene ndinamuyeserera sabata yonse. Iwo anayankha yewo akuyang'ana kumwamba kwa mutu wanga, Kezia n'kuwalowetsa m'nyumba. Ine ndinazungulira kukhitchini, ndipo musandifunse ngati ndinasuzumira pakatani, pakuti ndinasuzumira.

Anayenda njira ija osagunda kanthu. Atafika pampando sanakhale msanga. Anausisita moika manja, anaugogoda ndi chala, anaugwedeza kuti aone ngati ukulira, kenaka anakhala n'kuvula chipewa. Ndinaona maso aja akutseguka pang'onopang'ono. Anatembenuza mutu uku ndi uku kwa nthawi yaitali. Ndiye analankhula kwa Kezia ndi mawu apansipansi, ndipo ndinamva ndi makutu angawa:

"Nyumba yatuwa. Yatuwa nadi."

"Enya adada, chomene," anavomera Kezia.

Ndinasiya katani. Kwathu chinthu chotuwa ndi mwana wosasamba, ndi miyendo ya m'chilimwe yosaona mafuta, ndi nsalu yosuluka imene umayalira galu. Ndiye ngati munthu wa ng'ala maso onse awiri waona kuti nyumba yatuwa, ndiye kuti yatuwadi. Ndipo Kezia, amene ndinkamuyesa mnzanga, anachita kuthirira ndemanga kuti chomene, ndiye kuti kwambiri. Manyazi anandigwira kuyambira kumutu mpaka kuzala.

Patapita nthawi Kezia anabwera kudzatenga mwana. Ndinasuzumiranso. Apongozi anamulandira bwino, anamuyendetsa chala chachikulu pamphumi, pamphuno ndi patsaya, mwanayo n'kuwagwira chala chachifupi chija. Ndinadikira. Anakhala naye kanthawi, kenaka anamubwezera kwa Kezia osamutcha dzina.

Madzulo ake ndinaphika, ndinatumikira, ndinagwada pogwada ponse, koma ine chakudya sindinachikhudze. Bennet anandifunsa ngati mutu ukundipweteka, ndinati eya. Ndikanamuuza zimene ndinamva, nkhani yonseyi ikanathera pomwepo, koma ndinkadziwa kuti ayamba ndi mawu akuti ndinakuuza, ndipo mawu amenewo ine ndimadana nawo kuposa chimfine.

Lachiwiri m'mawa Bennet ndi Kezia anawaperekeza kuchipatala. Anati akawachita diso limodzi tsiku lomwelo, agona komweko, ndipo mawa lake akawamasula bandeji n'kuwatulutsa. Ndiye kuti mawa lake adzalowa pabalaza panga ndi diso loona bwinobwino. Ngati mu nkhungu anaona kutuwa, nanga nkhungu ikachoka adzaona chiyani?

Ndinabereka mwana n'kuthamangira kusitolo ya zomangira. Ndinkafuna penti yachikasu, mtundu woti ngakhale mdani wako sanganene kuti watuwa. Yamadzi inali itatha, inalipo yamafuta yokha. Wogulitsayo anayamba kundifunsa kuti ndikupaka pa chiyani, ine ndinamudula kuti ntchito yanga ndimaidziwa. Ndinabwerera pakabaza chitini chili pamiyendo, mwana ali kumsana, nkhope ili gwaa ngati wopita kunkhondo.

Mwana ndinakamugoneka kuchipinda n'kutseka chitseko, masofa ndinawakokera pakati, ndinayamba. Burashi yoyamba inandiuza kale kuti zinthu sizili bwino. Chikasucho chikakhala pamwamba pa phulusa chinkasanduka mtundu wina wosadziwika dzina, ngati ndiwo za nkhwani zogona. Ndinabwereza, chinayamba kuyenderera. Kunja kunali mitambo ndi kamphepo ka Juni, penti yosauma, fungo lake lobaya m'maso. Mwana anadzuka n'kuyamba kulira, ndinakamuyamwitsa ndi manja achikasu, ndinabwerera, analiranso. Pofika cha m'ma 3 koloko chitini chinali chitauma, ndipo ndinali nditapaka khoma limodzi ndi theka.

Bennet anandipeza nditakhala pamkeka, burashi ili m'manja.

"Mayi wanga ine! Chachitika n'chiyani muno?"

"Ndangofuna kusintha."

"Kusintha? Adada akutuluka mawa, Linily. Fungo ili ndi diso lopangidwa opaleshoni?"

"Si inu munati ndamwaza phulusa? Ndachotsatu phulusalo."

Anandiyang'ana, anayang'ana khoma, n'kuona kuti akalankhulanso mawu amodzi ndilira. Anangotsegula mawindo onse, anachotsa makatani kuti asagwire penti, n'kutenga chakudya kupita nacho kuchipatala. Potuluka anati sagulanso chitini china, zimene zilipozi zikhale momwemo. Tsiku limenelo tinadya titavala majuzi, mphepo ikungodutsa m'nyumba ngati pamsewu.

Lachitatu m'mawa ndinabwezeretsa zinthu m'malo mwake. Ndinayesa kukankhira sofa pamene chikasu chinakumana ndi phulusa, koma sofa ndi yaifupi, khoma ndi lalitali. Makushoni anga okongola aja, pafupi ndi khoma limenelo, anangooneka ngati akudwala nawo. Ndinasiya. Ndinamusambitsa mwana, ndinamuveka kadiresi koyera, ndipo ndinamuuza m'khutu kuti Bebi, mayi ako akuonongera dzina.

Anafika dzuwa lili paliwombo, pagalimoto ya mnzake wa Bennet. Apongozi anatsika okha osagwiridwa, atavala magalasi akuda amene anawapatsa kuchipatala. Anaima pabwalo kuyang'ana mtengo wa mapeyala, mawaya a magetsi, nkhuku za aneba, chilichonse ankachiyang'ana ngati mlendo wochokera kunja. Anamuyang'ana Bennet n'kunena china chake m'Chitumbuka chimene chinamuseketsa Kezia. Ndinamva pambuyo pake kuti anati, iwe unayamba liti dazi?

Ine ndinagwada pakhomo la kukhitchini, mkati mwa pabalaza, chifukwa ndinaona kuti kubisala sikuthandizanso. Analowa, anayenda mapazi atatu, anaima. Anavula magalasi aja.

"Adada, adokotala akana!" anakuwa Kezia.

Sanamumvere. Anayang'ana khoma lachikasu loyenderera, anayang'ana theka lija, anayang'ana makoma awiri otsala a phulusa. Ananunkhiza.

"Njani wachita ichi?"

Ngakhale wosadziwa Chitumbuka akanamva kuti akufunsa wolakwa. Bennet anayang'ana pansi, Kezia anayang'ana ine. Apongozi anakhala pampando wawo uja, ndipo anasintha n'kuyamba Chichewa, cholemera ndi kalankhulidwe ka kwawo koma chomveka bwino, kuti ine ndimve.

"Kezia, funsa mlamu wako. Dzulo ndinasiya nyumba yabwino. Ndagona kuchipatala ndikuganiza kuti mawa ndikaiona ndi diso langa. Wayionongeranji?"

Kezia anatembenuka kuti andipatsire funsolo, ngati kuti ndinali ku Kasungu. Koma ine zinali zitandikwana. Ndinaiwala zonse zimene anandiphunzitsa, ndinadzutsa mutu, ndinawayang'ana apongozi kumaso.

"Munanena nokha, bambo. Ndinamva ndili kukhitchini. Munati nyumba yatuwa, yatuwa nadi. Ndiye ndimati mukabwera ndi maso musaipezenso yotuwa."

Kezia anagwira pakamwa, kaya chifukwa cha mawuwo kaya chifukwa choti mkamwana walankhula. Apongozi anakwinya pamphumi, milomo ikuyenda, akubwereza mawu awo a dzana chamumtima. Kenaka mapewa anayamba kugwedezeka. Anaseka, anaseka, mpaka anaphimba diso lopangidwalo ndi chikhatho, Kezia akuwachonderera kuti adokotala anati asatsokomole ngakhale kuwerama.

"Yatowa, mama!" anatero atapeza mpweya. "Ya-to-wa. Kwathu kuno chinthu chikatowa ndiye kuti chakongola. Ine ndimati nyumba yakongola, yakongoladi."

Bennet anadziponya pasofa. Kezia anagwa pamkeka ndi phwete, akumenya pansi ndi dzanja, akuti alamu mwandipha, alamu mwandipha ine. Ine sindinaseke. Ndinayang'ana manja anga, m'zikhadabo mukadali chikasu.

"Musachite manyazi," anatero apongozi, ndipo tsopano ankalankhula ndi ine, osadzeranso kwa Kezia. "Mawu amenewa anatsala pang'ono kundiphetsa ine. Ndili mnyamata ku Chikangawa, mnzanga wa ku Ntcheu anabweretsa mkazi wake watsopano kuti timuone. Ine mwaulemu wanga wonse ndinati, achimwene, mkazi wanu watowa chomene. Munthu uja anatola thabwa. Anachita kutigwira anthu anayi."

Apa ndiye ndinaseka, koma kusekako kunatulukira limodzi ndi misozi, ndipo misoziyo inapambana.

Anandisiya ndilire pang'ono, kenaka anafotokoza. Anati munthu wa ng'ala kuwala kumamubaya ngati singano. Nyumba za masiku ano zonse ndi zoyera mbee kapena zowala ngati sitolo, ndipo kwa zaka zinayi kulikonse kumene ankalowa ankakhala chotsinzina. Dzana, atakhala pampando uwu, kanali koyamba kutsegula maso onse osamva kuwawa. Sanaone makushoni, sanaone chithunzi, koma anamva kuti maso apuma, miyendo sinagunde kanthu, ndipo msana wapeza potsamira.

"Mpando uwu ndi paini wouma bwino, ndipo amene anaulumikiza sanabe misomali. Ndinadziwa kuti si Bennet anasankha. Uyu angakugulire mpando wa makatoni bola ukuwala." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Loweruka ukagule penti ya phulusa ija. Upake wekha, mkamwana wanga wapaka kokwanira."

"Yewo adada," anatero Bennet, yemwe uja wa phulusa la pambaula, ndipo sanayerekeze kuyang'ana kumene ndinali.

Mwana analira kuchipinda. Kezia anadzuka kukamutenga, ndipo kuseka konse kunatha, chifukwa tonse tinkadziwa chimene chatsala. Apongozi anamulandira, anamutembenuzira kuwindo kuti kuwala kumugwere kumaso, n'kumuyang'ana nthawi yaitali ndi diso latsopanolo. Mwanayo naye anawayang'ana, osaphethira.

"Mphumi iyi ndi ya malemu mayi ake a Bennet," anatero motsitsa. Kenaka anapitiriza osachotsa diso pa mwanayo. "Mama, ine ndine munthu wosabisa. Ndinagwira ntchito ndi anthu a kwanu zaka zambiri. Ndinaona anzanga akulera ana, ukwati ukatha ana onse n'kupita kwa amalume, bambo n'kutsala ngati mlendo. Ndinkaopa. Ndinati ndikamutcha dzina ndimukonda, ndikamukonda adzandilanda. Ndiye ndikufunseni inu mwini wake. Mwana uyu ndi wa kuti?"

Bennet anatsegula pakamwa kuti andiyankhire, bambo ake anamuletsa ndi dzanja.

Ndinali ndi mayankho ambiri aulemu amene ndikanapereka. Koma mawondo anali akupweteka, mtima unali utatopa, ndipo ndinangonena zimene zinali mkati.

"Mwanayu ndi wanga ndi bambo ake. Ku Dedza adzapitako, kuli agogo ake, ndipo amamukonda. Koma kumeneko mayina analipo atatu tsiku lomwe anabadwa, ine ndinawakana onse. Miyezi inayi ndakhala ndikuchita manyazi pamaso pa anthu, mwana wanga akuitanidwa Bebi, kudikira inu. Ndikanakhala wothawa naye, bwenzi nditamutcha kalekale."

Kezia anakoka mpweya. Ndinaganiza kuti ndapitirira malire, ndipo ndinaweramitsa mutu kudikira chimene chibwere.

"Mwayankha," anatero apongozi. "Ndipo ndachedwa ndine. Mundikhululukire."

Anamukweza mwanayo pang'ono, anamuuzira mpweya pamphumi, n'kunena kuti, "Towera." Ananenanso kachiwiri, mokweza, kuti tonse timve. Kezia anaimba nthungululu mpaka nkhuku za aneba zinabalalika panja. Bennet anatulutsa kansalu m'thumba n'kuyamba kupukuta magalasi ake amene sanali akuda.

"Ndi dzina la kuno," anatero apongozi akundiyang'ana ndi kankhope kachipongwe. "Tanthauzo lake mwalivutikira kale, sindibwerezanso. Kodi buku lake la kusikelo lilipo?"

Ndinathamangira kuchipinda kukalitenga. Pachikuto pake, pamzere wa dzina, panali pongoyera kuyambira tsiku limene anatipatsa. Ndinabwera nalo ndi cholembera cha Bennet, ndinagwada, osati kukhomo la kukhitchini koma pafupi ndi mpando wawo, ndinapereka ndi manja awiri. Bennet anati alembe iye poti adada atopa, iwo anakana. Anati papita zaka zinayi asanagwire cholembera, ndipo sanapite kuchipatala kukangoonera dazi la mwana wawo.

Anaika bukulo pa moika manja pa mpando, anawerama pang'ono Kezia akudandaula, n'kuyamba kulemba. Zilembo zinatuluka zikuluzikulu, zina zinakwera pamwamba pa mzere, ndipo chilembo chachiwiricho anachizunguliza kawiri kuti wina asadzachiwerenge molakwa. Atatha anandipatsa bukulo.

"NyaMbewe," anandiitana ndi mfunda wa kwathu monga amaitanira akazi a pamudzi pawo, "tawerengani timve."

Ndinawerenga mokweza. Kenaka ndinasiya bukulo pamkeka, ndinatambasula manja kwa mwana wanga amene anali pamiyendo ya agogo ake, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire chake ndinamuitana ndi dzina.